Nambala Wani Imene Amalume Sanaimve

Amalume anga, a Lifodi Namathanga, tawaika m'manda Lachinayi lapitali, chiperoni chikuwaza kuyambira m'mawa. Anthu anabwera ochuluka moti masamba amene tinayala pamsewu anapondedwa mpaka kusanduka matope. Ena anachokera ku Bvumbwe, ena kwa Changata, ena sitinawadziwe n'komwe, koma aliyense akangokhala pansi ankandinong'oneza funso lomwelomwelo: "Kodi chipewa chija mwawaika nacho?" Ayi, sitinawaike nacho. Za chipewacho ndinena bwino pambuyo. Poyamba ndikuuzeni kuti munthu ameneyu ndiye ankatsogolera gulu loimba nyimbo za kantiri lotchedwa Anyamata a Nkhungu, ndipo ngati munali kale ndi makutu nthawi ya makaseti, nyimbo yoti "Wandisiya ndi Dengu Kumsana" munaimvako ndithu, musakane.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya ukapitawo pa esiteti ya tiyi imene yachita malire ndi mudzi wathu. Anayamba ngati wothyola wamba, dengu kumsana, mame mpaka m'chiuno, kenako anakwezedwa. Anali munthu wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo pamutu pawo sipankachoka chipewa chachikulu chopindika m'mbali, chija amavala anyamata oweta ng'ombe m'mafilimu. Anthu ankawatchula kuti a Kauboyi, iwo n'kumavomera mokhutira. Koma kauboyi wake, abale inu! Ng'ombe ankaziopa koopsa. Tsiku lina tikupita ku Bvumbwe tinakumana ndi ng'ombe ya mkaka, yofatsa ngati mwana wa Sande sukulu, ikukokedwa ndi mayi wina pachingwe. Amalume analumpha ngalande n'kukaima pamunda wa kabichi wa eni ake. Nditawaseka anandiyankha kuti, "Iwe Felesiya, ine ndine kauboyi wa nyimbo. Za nyanga ndi dipatimenti ina."

Ukawafunsa kuti Mlomwe wa ku Thyolo akufunanji ndi nyimbo za azungu, unkakhala kuti waputa msonkhano. Ankanena kuti kantiri si nyimbo za azungu ayi, ndi nyimbo za Alomwe zimene zinangosokera kutsidya kwa nyanja. Ankati tamvetserani bwino zimene amadandaula anthu amenewo: kwawo kumene anasiya, amayi awo, msewu wautali, mkazi wothawa, ntchito yowawa ndi Mulungu. Nanga agogo athu pochoka ku Mozambique wapansi, mitolo pamutu, kudzafika m'minda ya tiyi muno, ankalira chiyani china? Azungu aja, malinga ndi amalume, anangoonjezerapo mahatchi. Palibe amene anawagonjetsapo pa nkhani imeneyi, chifukwa ukati utsutse ankangotenga gitala.

Kumunda, akapitawo anzawo ankaliza wezulo poitana anthu kuti apite ku sikelo ndi madengu awo. Amalume wezulo analibe nayo ntchito. Ankaima pamwamba pa chulu, n'kukweza chibwano, n'kutulutsa kulira kuja kwa oimba kantiri, kumene mawu amathyoka pakhosi n'kukwera m'mwamba, yodele-i-hii! Kunkamveka mpaka kutsidya kwa chigwa. Agalu a m'mudzi ankayankha, amayi othyola tiyi n'kumaseka akupukuta thukuta. Bwana wina watsopano anayesa kuwaletsa, akuti si mwambo wa ntchito. Sabata imeneyo anthu anachedwa ku sikelo masiku onse, aliyense akunena kuti wezulo sanaimve, ndipo bwanayo anawasiya.

Amayi anga, amene ndi mlongo wawo, anakangana nawo moyo wonse, ndipo mkangano waukulu unali wa waya. Nthawi imeneyo nsambo za gitala zinali zosowa, ndiye amalume ankazipanga kuchokera ku waya wa mabuleki a njinga. Tsiku lina anamasula wa njinga ya abambo anga osanena. Abambo ananyamuka m'mawa ndi mkoko wa nthochi, ndipo pa mtsetse wopita kwa Kapichi anagwira buleki n'kupeza palibe kanthu. Anakathera m'tchire la tiyi, nthochi uko, nsapato uko. Amayi anapita kwa achimwene awo manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mukufuna kundiphera mwamuna chifukwa cha nyimbo?"

"Pepa mlongo wanga," anatero amalume. "Koma alamu ali ndi mapazi oimitsira njinga. Gitala alibe."

Amayi anawathamangitsa ndi tsache mpaka pamsewu. Madzulo ake anawatumizira mbale ya kalongonda, chifukwa ankadziwa kuti tsiku lonse sanadye.

M'gulu loimba lija munali anthu anayi. Wa babatoni, chigitala chija cha nsambo imodzi, ndi wa ng'oma anatisiya kale. Wachinayi anali a Jailosi Makwinja, woimba gitala yachiwiri, mnzawo wa amalume kuyambira ali anyamata, ndipo nkhani imene ndikufuna kunena ndi ya awiriwa. A Jailosi anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wothyola tiyi m'gulu limene amalume ankaliyang'anira. Akazi awo, a Esitere, anali mayi wansangala, woseka mokweza, koma wosafuna zopusa. Chaka china m'dzinja anayambana panyumba, ndipo m'mawa mwake a Esitere anamanga katundu wawo kuti azipita kwa mng'ono wawo ku Limbe. Msewu wopita ku siteji ya basi umadutsa pakati pa minda ya tiyi. A Jailosi, ali pamzere wawo, anawaona akudutsa, mtolo pamutu, osatembenuka n'komwe. Anafuna kuthamanga koma dengu linali litadzaza kumsana, ndipo kapitawo anali ataima pomwepo akuyang'ana. Kapitawoyo anali amalume.

A Esitere anabwerera patatha mwezi, banja linapitirira, ndipo nkhaniyo ikanathera pomwepo. Koma amalume anali ataona nyimbo. Anaipeka mwakachetechete, osatchula dzina la munthu, ndipo a Jailosi anaimba nawo gitala poganiza kuti zithera m'maukwati a m'mudzi momwemo. Kenako pa esiteti panabwera manijala wina, a Gondwe, wochokera kumpoto, wokonda kantiri ngati amalume omwe. Iwowa ndiwo anatenga gululi pa galimoto yawo kupita nalo ku Blantyre kukajambula kaseti, n'kukasiya imodzi ku wailesi.

Achinyamata a lero sangamvetse kuti wailesi inali chiyani. Loweruka lililonse fili koloko masana kunali pulogalamu ya nyimbo khumi zokondedwa kwambiri m'dziko muno, ndipo muulutsi ankayambira pa nambala teni kutsika mpaka pa nambala wani. Chimene chinkakweza nyimbo chinali makalata a omvera. Amalume anakhoma msomali pa mzati wa khonde lawo, n'kumapachikapo wailesi, anthu n'kumadzaza pansi pa mtengo wa mapeyala. Tsiku limene nyimbo yathu inalowa pa nambala naini, amayi ena anaiwala mphika pamoto mpaka nandolo anapserera. Kuchokera pamenepo esiteti yonse inasanduka ofesi yolemba makalata. Odziwa kulemba tinkalembera osadziwa, aphunzitsi ankang'amba mapepala apakati pa makope, ndipo dalaivala wa thirakitala ankakaponya mtolo wonse ku positi. Nyimbo inakwera kufika pa sikisi, kenako pa folo.

Pamene nyimbo inkakwera, a Jailosi ankatsika. Pa esiteti panalibe amene sankadziwa mwini nkhaniyo. Akamadutsa, anthu ankaimba mluzu wa nyimboyo. Ku sikelo anayamba kuwaitana kuti a Dengu Kumsana. Tsiku lina anafika pakhonde pa amalume, gitala ili m'manja, n'kuitsamiritsa kukhoma.

"Achimwene, manyazi anga mwawagulitsa dziko lonse."

"Nanga ndatchula dzina lanu?"

"Munaima pomwepo tsiku lija. Mukanangondiuza kuti tula dengu, thamanga. Inu munali kalikiliki kupeka nyimbo."

 A Jailosi anatembenuka n'kumapita, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanagwirenso gitala. Chodabwitsa n'chakuti a Esitere eni ake sanakwiye. Ankaiimba nyimboyo pochapa kumtsinje, mokweza dala. Anandiitana kangapo kuti ndiwalembere kalata ya ku wailesi, amuna awo osadziwa. Ankati, "Lemba mwana iwe. Munthu wandiika pa wailesi, ndikwiyirenji? Bola amuna ena aphunzire kuthamanga."

Ndiye linafika Loweruka limene nyimbo inakhala pa nambala thu. Muulutsi ananena yekha kuti makalata ochokera ku Thyolo akusefukira, ndipo amene ali pamwamba achenjere sabata yamawa. Pansi pa mtengo wa mapeyala panali nthungululu ngati pa chinkhoswe. Amalume sanavine. Anakhala phee pampando wawo. Munthu amene anayamba ndi gitala ya chigubu cha mafuta anatsala ndi masiku asanu ndi awiri kuti amve dzina lake likutchulidwa pamwamba pa oimba onse a m'tauni. Lolemba lake anagula mabatire atsopano, n'kuwakulunga m'kansalu, n'kuwasunga m'chipewa, pamutu pomwepo, kuti wina asawabwereke. Sabata yonse anayenda nawo kumunda. Ankati akumva kulemera kwa nambala wani.

Lachiwiri a Esitere anayamba kudandaula mutu. Lachinayi anawatengera kuchipatala. Lachisanu m'mawa tinamva kulira kuchokera kunyumba kwa a Jailosi, ndipo pasanapite nthawi anyamata anali akuyala masamba pamsewu.

Kwathu kuno masamba akangoyalidwa, wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, ndipo wailesi zonse m'mudzi zimazimitsidwa mpaka adzukulu atakwirira manda. Palibe amene amalengeza zimenezi, aliyense amangodziwa. Akubanja anagwirizana zoika maliro Loweruka masana, kuti antchito aweruke kaye ndiponso abale a ku Limbe afike. Aliyense anawerengera mumtima kuti nthawi yotsitsa bokosi ikhala yomweyo ya pulogalamu, koma panalibe amene anayerekeza kutchula.

Amalume anali kapitawo, munthu wamkulu, sanali wokakamizidwa kugwira khasu. Koma Loweruka m'mawa anapita kumanda n'kulowa m'dzenje limodzi ndi adzukulu. Cha kumasana ine ndinali kubwera ndi ndowa ya madzi pamutu pamene ndinaona galimoto ya a Gondwe itaima kuseri kwa masamba. A Gondwe anatsika n'kumadikira. Amalume anatulukira kuchokera njira ya kumanda, matope ofiira mpaka m'maondo, chipewa chili m'manja. Ndinachedwetsa mapazi dala, ndipo ndinamva zonse.

"A Namathanga," anatero a Gondwe motsitsa mawu, "nyumba yanga ili pamwamba paja, kunja kwa mudzi. Mwambo sufika kumeneko. Tiyeni mukamvere, theka la ola lokha, ndidzakubwezani ndekha. Mwayi uwu subwera kawiri."

Amalume anayang'ana kuphiri kumene kunali nyumbayo. Anayang'ana nthawi yaitali ndithu, moti ine ndinati basi akwera. Ndipo kunena zoona, mumtima mwanga ndinkafuna akwere. Ndinali nditalemba makalata mpaka chala kutupa.

"Bwana, zikomo," anatero. "Koma nyimbo imeneyo ndinaimba za mayi amene agona m'nyumba umo. Ine ndikakhale pa sofa, ndikumwa tiyi, ndikumva dzina langa, iwo akutsikira m'dzenje? Ndipo a Jailosi akatukula maso asandione? Ndinawasiya kamodzi ndi dengu kumsana, n'zokwanira. Pitani inuyo mukandimverere."

A Gondwe anaima pamenepo akusisita makiyi. Kenako anakhoma galimoto, n'kudutsa pa masamba paja, n'kukakhala pansi pamodzi ndi azibambo. Manyazi anawagwira, nawonso sanapite. Choncho m'mudzi monse, ndi manijala yemwe, munalibe khutu ngakhale limodzi limene linamva pulogalamu ya tsiku limenelo. Pamene bokosi linkatsika, ndinaona amalume akuyang'ana wotchi yawo kamodzi kokha. Anaivula n'kuiika m'thumba, n'kutola fosholo.

Uthenga unabwera Lolemba ndi mayi wina wogulitsa tomato wa ku Bvumbwe. Anati, "Nanga simunamve? Munali pa nambala wani!" Loweruka lotsatira tinadzazanso pansi pa mtengo, mabatire aja ali mu wailesi, koma kwaya ina ya m'tauni inali italanda malo. Nyimbo yathu inali pa nambala fili. Sabata ina inatsikanso, kenako inatuluka. Anyamata a Nkhungu anajambulanso kaseti ina popanda a Jailosi, ndipo nyimbo imodzi inasuzumira pa nambala eyiti n'kubwerera. Pambuyo pake makaseti anatha ntchito, gululo linatsala la m'maukwati ndi maphwando a Khirisimasi a pa esiteti, mpaka zala za amalume zinauma.

Kuyambira pamenepo amalume anakhala ndi chizolowezi chimene chinkatichititsa manyazi. Akakumana ndi mlendo wa msinkhu wawo, kaya mu minibasi, kaya pamzere wa kuchipatala, ankayamba ndi moni wabwinobwino, kenako n'kufunsa ngati munthuyo ankamvera pulogalamu ija ya Loweruka. Akavomera, basi wagwidwa. "Nanga tsiku limene Dengu Kumsana inali pa nambala wani, muulutsi ananena kuti chiyani? Mawu ake enieni." Wina ankati muulutsi anaomba m'manja. Wina ankati anaiika kawiri. Wina ankati anatchula mudzi wathu. Ambiri ankangopeka pofuna kusangalatsa nkhalamba, ndipo amalume ankadziwa, koma ankathokoza aliyense ndi manja awiri. Mafoni atabwera ndinayesa kufufuza, ndinalembera ngakhale ku wailesi komweko. Anandiyankha mwaulemu kuti pulogalamuyo inkaulutsidwa pompopompo ndipo sinkasungidwa.

Tsiku lina, atakalamba kale, ndinawafunsa ngati amadandaula kuti sanakwere galimoto ija. Ndinkayembekeza yankho la m'tchalitchi. Iwo anati, "Ndimadandaula tsiku lililonse, Felesiya. Zimandiwawa mpaka lero. Koma ndikanakwera, bwenzi ndikudziona bwanji pagalasi pometa ndevu?"

Nanga a Jailosi? Maliro atatha sananene kanthu, ngakhale zikomo. Kwa zaka zingapo awiriwa ankangopatsana moni wouma panjira. Kenako Loweruka lina masana a Jailosi anatulukira ndi bawo kukhwapa, n'kukhala pakhonde osaitanidwa. Amalume anangosuntha mpando. Kuyambira tsiku limenelo ankasewera Loweruka lililonse, n'kumakangana za chilichonse: za mvula, za mpira, za amene waba timiyala, za ngati tiyi wa masiku ano akununkhira ngati wakale. Za nyimbo ija sanatchulepo, ndipo mwa anthu onse a m'dziko muno, a Jailosi okha ndiwo amalume sanawafunse funso lawo lija.

Lachinayi kumanda, abusa atamaliza pemphero, adzukulu atagwira kale mafosholo, a Jailosi anaimirira ndi ndodo yawo. Pa ndandanda wa olankhula panalibe dzina lawo. Anayenda pang'onopang'ono mpaka m'mphepete mwa dzenje, n'kupatsa ine ndodo kuti ndiwagwirire. Anakunga chibakera n'kuchiika pakamwa ngati maikolofoni. Anthu anayang'anana. Munthu amene tinkamudziwa ndi mawu apansipansi anatulutsa mawu aakulu, osalala, a pa wailesi enieni.

"Omvera athu kulikonse kumene muli, moni! Nthawi ndi fili koloko. Tawerenga makalata anu onse, ndipo sabata ino zinthu zasintha pamwamba."

Abusa anakweza dzanja kuti awaletse, kenako analibweza.

"Pa nambala wani, kuchokera m'minda ya tiyi ku Thyolo, akuimba ndi gitala ya waya wa njinga, a Lifodi Namathanga ndi Anyamata a Nkhungu! Nyimbo yake, Wandisiya ndi Dengu Kumsana!"

Pamenepo anatsitsa dzanja, n'kuwerama kuyang'ana bokosi, n'kunena ndi mawu awo a masiku onse: "Mwamva, achimwene? Ndakuuzani ndine, mwini dengu. Musakavutitsenso anthu kumeneko ndi mafunso."

Sindikudziwa amene anayambitsa, koma amayi a kumbuyo anayamba kuimba nyimboyo, ndipo manda onse analandira, a mvano ndi mayunifomu awo, akapitawo, ngakhale amayi anga amene ankati ndi nyimbo ya anthu osowa chochita. Ine ndinalira ngati mwana, sindibisa. Titafika pamalo paja pamene amalume ankathyola mawu n'kukweza m'mwamba, panalibe amene anayesa. Tonse tinangokhala chete, kudikira, mpaka mpata wake unadutsa, kenako tinapitiriza ndime yotsatira.

Za chipewa chija, amalume anatiuza okha akudwala. Anati tisayerekeze kuwaveka m'bokosi, chifukwa munthu sadutsa pa masamba a maliro atavala chipewa, ngakhale maliro ali ake.

Dzulo linali Loweruka. Masamba tinachotsa pamsewu, njinga zikudutsa anthu atakwera, ndipo kutsidya kwa chigwa ndinamva wezulo ikuitana anthu ku sikelo. Khonde la amalume talisesa. Mpando wawo uli pomwe unkakhala, ndi kadzenje kamene chidendene chawo chinakumba pansi poomba nyimbo. Mapeyala ayamba kugwa ndipo palibe wotola. Chipewa tachipachika pa msomali uja wa wailesi. Itatsala pang'ono kukwana fili koloko ndinaona a Jailosi akubwera ndi bawo kukhwapa. Anakhala pamalo pawo, anaika timiyala mbali zonse ziwiri, yawo ndi inayo, n'kupinda manja kudikira kuti mnzawo ayambe.